Galimoto yakale: mekaniko ayambe waiona

Mbatata ya kachewere ikayenda malonda kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, ambirife timaganiza zokagula galimoto yogwirapo kale ntchito ku Tete. Achinyamata mtima umathamangira timagalimoto taliwiro tija, tofupika pansi. Tokongola ndithu, koma m'misewu yathu yafumbi timangogunda miyala, ndipo matumba a feteleza mulibe powakweza.

Kaya mwasankha iti, musalipire mekaniko asanaione. Akhale wanu, osati wobwera naye wogulitsa. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pitani m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa ikatentha imabisa matenda. Ikatulutsa utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Tsegulani chotsekera oyilo. Mukapezapo zoyera ngati tiyi wamkaka, madzi akusakanizika ndi oyiloyo, ndipo kukonza kwake n'kodula. Mekaniko alowe pansi aone dzimbiri komanso malo owotcherera pa chasisi, poti nthawi zambiri amasonyeza ngozi yakale. Kenaka iyendetseni pachitunda, mumve magiya, ndipo potsika muyese mabuleki.

Mapepala nawonso, abale anga. Nambala ya pa chasisi ifanane ndi yolembedwa mu livrete. Dzina la pa título de propriedade lifanane ndi la pa chitupa cha wogulitsayo. Zikasiyana bwererani ndi ndalama zanu, chifukwa ikakhala yakuba apolisi adzakulandani.

Malipiro a mekaniko ndi ochepa. Zimene mukuteteza ndi thukuta la chaka chonse.