Kodi Maganizo ndi Thupi Nchinthu Chimodzi?

Lero tikambirane funso lakale kwambiri. Kodi maganizo a munthu ndi thupi lake nchinthu chimodzi, kapena nziwiri?

Tayerekezani mukuthyola tiyi. Manja ali pa masamba, dengu liri kumsana, koma mtima uli kunyumba kwa mwana wodwala. Ena amati pamenepa pakuoneka kuti maganizo ali paokha. Makolo athu ankathira nsembe pokhulupirira kuti thupi limaola koma mzimu umakhalabe. Akatolika ndi a CCAP amaphunzitsanso kuti mzimu sufa. M'chaka cha 1641 munthu wina wa ku France, René Descartes, analemba kuti thupi lingagawike, dzanja apa, mwendo apo, koma maganizo sagawika. Choncho iye anati nziwiri.

Ena akukana. Mu 1643 mayi wina, Elisabeth wa ku Bohemia, anafunsa Descartes m'kalata kuti chinthu chosakhudzika chingayendetse bwanji thupi. Kuno ku Thyolo, a Seventh-day Adventist, amene anayamba mishoni ya Malamulo mu 1902, amaphunzitsa kuti mzimu sukhala pawokha popanda thupi. Iwo amati wakufa ali m'tulo, sadziwa kanthu kufikira tsiku la kuuka.

Madokotala nawo amaloza bongo. Kachasu amalowa m'mimba, koma nzeru ndi zimene zimasokonekera. Munthu wovulala m'mutu angaiwale dzina la mkazi wake. Ngati maganizo ali paokha, bwanji amadwala pamodzi ndi thupi?

Oyamba aja amayankha ndi fanizo. Wailesi yanu ikaonongeka mawu samveka, koma woulutsa ali moyo ku Blantyre.

Ine sindinabwere kudzagamula mlanduwu. Anthu anzeru akutsutsanabe mpaka lero. Koma mbali zonse ziwiri zikuvomereza kuti bongo ukadwala, maganizo amasokonekera. Tsono mwana akatentha thupi nayamba kubwebweta kapena kukomoka, tisathamangire kunena kuti walodzedwa. Malungo akafika ku bongo angaphe mwana m'masiku owerengeka. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Kupemphera sikuletsa kumwa mankhwala.

Mafunso:
1. Kodi Elisabeth anafunsa chiyani?
2. Nanga inu, fanizo la wailesi mukulivomereza? Chifukwa chiyani?