KUSANKHA MAKINA OSINDIKIZA A MITUNDU IWIRI

Madzulo ano ndifuna kulankhula ndi munthu amene wagwira nchito zaka zambiri ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Chingola, ndipo tsopano alikuganiza zobwerera kwao ku Chipata kukatsegula kanyumba kosindikiziramo mapepala. Ndalama za penshoni zibwera kamodzi kokha. Akagula makina osayenera, sadzapezanso zina zogulira acawiri. Cifukwa cace tiyeni tiganize bwino tisanamasule cikwama.

Poyamba tidziwe m'mene makina a offset agwirira nchito. Nzeruyi inayamba ndi Alois Senefelder wa ku Germany, amene m'caka ca 1796 anapeza njira yosindikiza ndi mwala, poona kuti madzi ndi mafuta sagwirizana. Lero m'malo mwa mwala pali pleti ya aluminiyamu. Madzi anyowetsa malo opanda malemba, ndipo inki, pokhala ya mafuta, imamatira pa malemba pokha. Pleti ipatsira inkiyo ku bulangeti la mphira, ndipo bulangetilo liipatsira ku pepala. Makina a mitundu iwiri ali ndi mapleti awiri, kotero kuti pepala likalowa kamodzi lituruka ndi mitundu iwiri, monga wakuda ndi wofiira.

Tsono funso loyamba ndi ili: Kodi adzandipatsa nchito ndani? Ku Chipata nchito zambiri ndi mabuku a malisiti a eni masitolo, mapepala a masukulu ndi machalichi, makalata oitanira ku ukwati, ndiponso zolengeza za Nc'wala ku Mtenguleni mu February ndi za Kulamba ku Mkaika mu August. Zambiri mwa izi zifuna mtundu umodzi kapena iwiri yokha, ndipo makinawa azikwanitsa bwino. Koma cithunzi ca maonekedwe onse cifuna inki zinai, ndiye kuti pepala liyenera kulowa kawiri. M'nyengo ya dzinja pepala limwa cinyezi nilifutukuka pang'ono, ndipo mitundu yacawiri siigwera pa malo ace. Kumbukiraninso kuti pleti iri yonse igulidwa ndi ndalama. Munthu wofuna mapepala makumi asanu okha mudzamthandiza mochipa ndi makina a kompyuta; offset ipindulitsa pamene mapepala ali zikwi.

Caciwiri, makina onse ochedwa a mitundu iwiri sali ofanana ai. Ena, monga Heidelberg Printmaster QM 46-2, aika mitundu yonse iwiri pa bulangeti limodzi. Otere ngabwino pa malisiti ndi makalata, pamene mitundu siisanjikizana. Ena, monga Heidelberg GTO 52 ya mitundu iwiri, ali ndi bulangeti lace pa mtundu uli wonse, ndipo alandira pepala la masentimita 36 ndi 52. Amenewa akhoza zithunzi, koma ngolemera, ngodula, ndipo afuna malo akuru ndi pansi pa simenti yolimba. Ngati mudzadalira malisiti, funsani ngati makinawo ali ndi cipangizo coika manambala ndi coboola mzere wong'ambira.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru: Makinawo akafa, adzawakonza ndani? Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pa Great East Road ndi makilomita oposa 500. Mukaitana makaniko mudzamlipirira ulendo, cakudya ndi pogona, nchito za anthu zirikudikira. Lilongwe ali pafupi podzera pa Mwami, koma pamenepo mpa malire a dziko. Cifukwa cace sankhani makina a mtundu umene osindikiza anzanu ali nao kale, kuti marola, mabulangeti ndi zitsulo zace zisabvute kupeza. Makina acilendo ochipa asanduka pogona nkhuku. Funsaninso za magetsi. Makina akuru afuna magetsi a mafezi atatu, amene sapezeka m'nyumba iri yonse. Kambani ndi a ZESCO musanacite lendi. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Jenereta muiwerengere pamodzi ndi mtengo wa makina, monganso mpeni wodulira mapepala.

Potsiriza, popeza ambiri a ife tidzagula makina ogwirapo kale nchito, musapereke ndalama musanawaone alikuyenda. Mupite ndi munthu wodziwa kusindikiza. Auzeni ogulitsa asindikize pepala lodzaza ndi inki ponse ponse. Ngati silinda inaphwanyika pena, mudzaona banga loyera. Kenaka alowetse mapepala omwewo kawiri pa pleti imodzimodzi. Malemba akaoneka awiri awiri, makinawo atha, ngakhale utoto wace uwale bwanji. Gwiraninso marola, ouma ndi ong'aluka afuna kusintha onse.

Akuru anati, "Safunsa anadya phula." Werengani nchito zimene muli nazo m'manja, funsani amene anayamba kale, ndipo musunge ndalama zina za mapepala, inki ndi malipiro a miyezi yoyamba. Tsalani bwino nonse.