Kuwerenga Chithunzi cha Nyanja

Tsopano mukudziwa kuwerenga malembo. Lero tiphunzire kuwerenga chithunzi, pakuti nacho chimalankhula kwa munthu wosafulumira.

Chithunzi chathu sanachitole ndi kamera ai. Anachijambula pamanja ndi utoto wosungunula m'madzi. Mwini wake ndi mmisiri wa ku England, J.M.W. Turner. Anachijambula mu 1842, pa nthawi ya Mfumukazi Victoria. Chikuonetsa nyanja ya Lucerne ku Switzerland, ndi phiri la Rigi patsidya pake. Phirilo ndi lalitali mamita pafupifupi 1,800. Sapitwa wathu ndi mamita 3,002. Dzina la chithunzichi ndi The Blue Rigi, ndiye kuti Rigi wabuluu. Chimasungidwa ku Tate, nyumba ya zithunzi mu London.

Poyamba funsani kuti, kodi ndi nthawi yanji? Ndi mbandakucha. Dzuwa silinatuluke, koma kumwamba kwayamba chikasu. Phiri ndi labuluu, ndipo nkhungu yalifunditsa m'munsi. Pamwamba pali nyenyezi yowala. Inu mukuidziwa. Ikuoneka ngati nthanda, yomwe ija mumaiona polawirira kukathyola tiyi. Turner sanaipake utoto woyera. Anangokanda utoto pang'ono kuti pepala loyera lionekere.

Kenaka yang'anani madzi. Ali zii, opanda mafunde. Kuwala kwa kumwamba kwagwera m'madzimo. Simungaloze bwino pamene madzi athera ndi pamene phiri layambira. Mmisiri sanalephere ai, anachitira dala. M'mawa wa nkhungu zinthu zimaoneka chomwecho.

Tsopano tsitsani maso m'munsi. Agalu akuthamangitsa abakha, ndipo abakhawo akuuluka pamwamba pa madzi. Apa pokha ndi pamene pali phokoso. Kaphokoso kameneka ndi kamene katithandiza kumva kuti kwina konseko kuli bata.

Chaka chomwecho Turner anajambulanso phiri lomweli madzulo, litafiira ndi dzuwa lolowa. Chimenecho ndi The Red Rigi, ndipo chili ku Melbourne, m'dziko la Australia. Phiri ndi limodzi, nyanja ndi yomweyo, koma mtima umamva zosiyana. Cha m'mawa chimakukumbutsa kuzizira ndi ntchito imene ili kutsogolo. Cha madzulo chimakukumbutsa kupuma. Chasintha nchiyani? Kuwala kokha basi.

Izi sizachilendo kwa inu. Phiri la Mulanje mumaliona tsiku ndi tsiku. Pa chiperoni limabisala m'mitambo. Mvula ikangokata limayandikira, mathanthwe ake nkumanyezimira. Mu Okotobala utsi wa moto umalisandutsa lotuwa, ngati lili kutali. Mumadziwa nyengo poyang'ana phiri. Ndiye kuti maso owerengera kuwala muli nawo kale.

Choncho mukapeza chithunzi m'buku kapena pa kalendala, musafulumire kutembenuza tsamba. Musanenenso kuti izi nza anthu ophunzira kwambiri. Dzifunseni mafunso atatu awa:

1. Kodi kuwala kukuchokera mbali iti?
2. Kodi ndi m'mawa, masana kapena madzulo?
3. Nanga mtima wanga ukumva bwanji?

Ntchito ya sabata ino nayi. Yang'anani phiri lathu m'mawa ndi madzulo, mutaima pamalo amodzi. Lembani mizere iwiri m'kope lanu, wina wa m'mawa, wina wa madzulo. Mudzatiwerengere tikadzakumananso.