LIU LA CINGELEZI LAKUTI "VARIETY"

Usiku uno titenge liu limodzi limene mulimva pa wailesi ndi kuliona pa zikwangwani za masitolo, ndilo "variety".

Liuli Angelezi analibwereka kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1500, ndipo Afalansa analitenga ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Aroma akaona cinthu ca mawanga-mawanga, monga nyalugwe, ankati ndi "varius". Tsono muzu wace ndi mawanga. Mau akuti "various" ndi "vary" ndi abale ace a mimba imodzi.

Tanthauzo lace lodziwika ndi kusiyana-siyana kwa zinthu. Mwini sitolo akalemba "a variety of shoes" anena kuti ali ndi nsapato za mitundu-mitundu. "Variety show" ndi masewera amene oimba, obvina, anthabwala ndi amatsenga aonekera motsatana usiku umodzi. Kale anthu apamwamba a ku Mangalande ankawayesa masewera a anthu wamba, koma m'caka ca 1912 Mfumu George V yeniyeniyo inapita kukaonera ku Palace Theatre mu London.

Koma apa ndipo ndifuna mumvetsetse, maka-maka inu amene mutumiza ndalama za mbeu kumudzi. Kwa alimi liu lomweli litembenuka. "A variety of maize" si cimanga ca mitundu yambiri ai, koma mtundu umodzi wokha, wokhala ndi dzina lace ndi makhalidwe ace. Citsanzo ndi SR52, cimanga ca haibulidi cimene cinaturuka m'caka ca 1960 ku Salisbury, kumene lero kuchedwa Harare, ndipo cinafala kwambiri muno. Cinali cobereka kwabasi, koma cocedwa kuca, cofuna mvula yaitali ndi feteleza wokwanira. Mlimi wa kumalo a mvula yocepa akacibzala ankangotaya ndalama zace.

Nanga mudzadziwa bwanji tanthauzo liti? Yang'anani liu lotsatira. Likakhala la zinthu zambiri, monga "shoes", ndiye kuti mitundu njambiri. Likakhala la cinthu cimodzi, monga "maize", mtundu ndi umodzi. Cotero wogulitsa mbeu akakuuzani kuti "good variety", musayambe mwaturutsa cikwama. Mfunseni dzina la mtunduwo, ndi masiku amene utenga kuti uce.