Mitembo Pambuyo pa Napolo

Pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991, ndiponso pamene namondwe wa Freddy anagumula matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe m'chaka cha 2023, opulumuka anatsala ndi ntchito yowawa yofukula abale awo m'matope. Patapita masiku awiri kapena atatu fungo linayamba kumveka, ndipo fungolo linadzetsa mantha akuti mliri uli pafupi.

Manthawo ndi omveka, koma bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti mitembo ya anthu ofa ndi madzi kapena matope sibweretsa mliri. Anthuwo anafa ndi ngozi, osati nthenda, ndipo tizilombo tambiri sitikhalitsa m'thupi lakufa kupitirira masiku awiri. Fungo limanyansa ndi kuchititsa nseru, koma silipatsira matenda. Chosiyana ndi mtembo wa munthu wofa ndi kolera, nthenda imene inali itafala kale m'dziko muno pa nthawi ya Freddy. Umenewo ngofunika kusiyira azaumoyo.

Choopsa chenicheni ndicho kufulumira. Mudzi ukagwidwa ndi mantha, umakumba dzenje limodzi ndi kuunjikamo onse, ndipo mayi amene mwana wake sanapezeke amakhala zaka zonse osadziwa kokalira. M'nyengo yotentha nkhope ya womwalira imasintha msanga, mwina tsiku lachiwiri lisanathe. Nchifukwa chake mtembo uliwonse uyenera kupatsidwa nambala, kujambulidwa chithunzi, ndi kulembedwa zovala zake ndi malo amene wapezeka. Zibangili ndi za m'thumba zisachotsedwe, pakuti ndizo mboni zake.

Onyamula avale magolovesi ndi majombo, ndipo asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Kansalu kophimba mphuno kamangochepetsa fungo. Nako nkothandiza, poti adzukulu nawonso ndi anthu. Kuwaza laimu, kumene ambiri amakhulupirira, sikufulumizitsa kuwola.

Chimene chimagonjetsa fungo ndi kuzizira. Nyumba ya chisoni ikadzaza, nthaka ndiyo imalowa m'malo mwa firiji. Mitembo imakulungidwa ndi kuikidwa mongoyembekezera m'ngalande yakuya mita imodzi ndi theka, kutali ndi zitsime ndi mitsinje, moyalidwa umodziumodzi osati mosanjikiza. Mfumu ndi apolisi amasunga kaundula wosonyeza pamene nambala iliyonse yagona, kuti anamfedwa akabwera, ngakhale patapita miyezi, akatenge wawo ndi kukamuika kumanda a kwawo.