Kaduwa Koyera ka pa Tsiku la Makandulo

Mawu a lero: Luka 2:22-38

 

Pa 2 February mpingo umakumbukira tsiku limene Mariya ndi Yosefe anapita ndi mwana Yesu ku Kachisi ku Yerusalemu, atatha masiku 40 chibadwire. Kuyambira kale akhristu amadalitsa makandulo pa tsikuli, pokumbukira kuti Yesu ndiye kuunika kwa anthu a mitundu yonse. N'chifukwa chake Angerezi amalitcha Candlemas, Misa ya makandulo. Kuno kwathu tsikuli limatipeza mvula ili pakati, chimanga chikumasula ngayaye, nkhokwe zambiri zitayamba kulira. Ku Ulaya limawapeza ali m'chisanu choopsa. Lero ndikufuna ndikutengereni kumeneko pang'ono, tikaone kaduwa kena kamene kanandiphunzitsa ine mphunzitsi wopuma, kenaka tibwerere kwathu.

Zaka zingapo zapitazo ndinapita ku England kukaona mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ya unesi. Ndinafika kumapeto kwa January. Abale anga, chisanu cha June chimene timadandaula nacho kuno ndi masewera. Mitengo inali yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ngati yauma, ndipo dzuwa linkalowa anthu asanaweruke kuntchito. Lamulungu tinapita ku tchalitchi china chakale cha miyala, chozunguliridwa ndi manda monga zilili matchalitchi ambiri akumidzi kumeneko. Pakati pa mandawo pansi panali mbuu! Poyamba ndinayesa chipale chofewa chija chimagwa kuchokera kumwamba. Nditayandikira ndinaona kuti ndi timaluwa tambirimbiri, kalikonse kosapitirira kutalika kwa chikhatho changa, katazolika mutu ngati munthu amene akupemphera.

Ndinafunsa kuti, "Mwanawe, maluwa anji awa omera nthawi imene zonse zafa?"

Iye anati, "Atate, amenewa ndi ma snowdrop. Anthu akale kuno ankawatcha mabelu a Candlemas, chifukwa amamasula nthawi ya tsiku la makandulo."

Akatswiri a zomera amakatcha Galanthus, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza duwa la mkaka. Mitundu yake ilipo pafupifupi 20, ndipo kwawo kwenikweni ndi m'nkhalango za ku Ulaya mpaka ku Turkey ndi kumapiri a Caucasus. Ku England anthu anachita kubwera nako n'kukabzala m'minda ya maluwa, kenaka kanafalikira kokha m'tchire. Kamamera kuchokera ku kachinthu konga kaanyezi kakang'ono kamene kamakhala m'nthaka. Nsonga za masamba ake n'zolimba, moti zimaboola nthaka youma gwa ndi chisanu. Duwalo lili ndi timasamba titatu toyera takunja, ndi tina titatu tatifupi m'kati tokhala ndi kadontho kobiriwira. Kukazizira kwambiri limatseka, kukafundirako limatsegula kuti njuchi zoyamba kutuluka zipeze chakudya.

Kaduwa kameneka kamakonda kumera pansi pa mitengo imene imayoyola masamba. Kamafulumira kumasula mitengoyo isanaphukire, dzuwa likadafika pansi, ndipo m'masabata ochepawo kamasonkhanitsa chakudya n'kuchisunga mu kaanyezi kaja. Mitengo ikavala masamba, masamba ake amafota n'kuzimiririka. Miyezi yambiri ya chaka munthu akhoza kuponda pamalopo osadziwa kuti pansi pali chamoyo. Inu alimi simungadabwe nazo. Mukudziwa maluwa a m'tchire mwathu amene amatulukira mwadzidzidzi mvula yoyamba ikagwa, pamalo pamene panapsa ndi moto wolusa. Moyowo unalipo nthawi yonseyi, koma sitinkauona.

Tsopano mverani izi. Chifukwa kaduwaka kamapezeka kwambiri kumanda, anthu ena akale ku England ankakaopa. Ankati ukalowa nako m'nyumba waitana maliro. Kaduwa kosalakwa, koyamba kulengeza kuti chisanu chikutha, anakasandutsa chizindikiro cha imfa chifukwa cha malo amene anakapeza. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Madzulo a tsiku lomwelo mwana wanga anandiuza chinthu china. M'kaduwa kameneka muli mankhwala otchedwa galantamine. Akatswiri a ku Soviet Union anawapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 mu mtundu wina wa snowdrop wa kumapiri a Caucasus. Ku Bulgaria, katswiri wina dzina lake Dimitar Paskov anatsogolera ntchito yopanga mankhwalawa, ndipo ankawapereka kwa anthu ofooka minofu, makamaka amene anadwala poliyo. Patapita zaka, madokotala anaona kuti amathandizanso okalamba amene akudwala matenda oiwala otchedwa Alzheimer, ndipo dziko la America linawavomereza pa ntchito imeneyi mu 2001.

Ndilongosole monga ndinkachitira m'kalasi. Mu ubongo muli timitsempha tosawerengeka timene timatumizirana mauthenga. Pali mankhwala ena achilengedwe amene ali ngati mthenga wonyamula kalata kuchokera ku kamtsempha aka kupita ku ako, ndipo ntchito ikatha thupi limamuchotsa mthengayo. Mwa munthu wodwala Alzheimer timitsempha timafa pang'onopang'ono ndipo amithenga amachepa. Galantamine amachedwetsa kuchotsedwa kwa amithenga otsalawo, kuti makalata ena azifikabe. Sachiritsa matendawa ayi. Amangothandiza ena mwa odwala kwa kanthawi. Ndichenjezenso kuti kaanyezi ka duwali ndi kapoizoni, munthu akadya amasanza ndi kutsegula m'mimba. Kuti chomera chisanduke mankhwala pafunika odziwa kuyeza mlingo wake. Zimenezi n'zoona kwa zitsamba za ku Ulaya, n'zoonanso kwa mizu ya kwathu kuno.

Mwana wanga akulongosola zizindikiro za matendawa, ine mtima unayamba kugunda. Anati munthu amaiwala zimene zachitika posachedwa koma amakumbukira za ubwana wake. Amafunsa funso limodzi kakhumi. Amasochera panjira imene wayendapo moyo wake wonse. Amaitana anthu amene anamwalira kalekale. Ena amadzuka usiku n'kuyamba ulendo, nthawi zina osavala bwino. Ndinakhala chete, chifukwa amene ankanenedwawo ndinawadziwa. Anali amayi anga aang'ono.

Amayi amenewa ndiwo anandilera amayi anga atamwalira. Ankagulitsa nkhuku kuti ine ndipeze yunifolomu. Anali a Mothers' Union, osajomba kutchalitchi. Atakalamba anayamba kusintha. Ankabisa mchere m'thumba la chimanga n'kumanena kuti apongozi awo awabera. Tsiku lina m'bandakucha anawapeza ataima kuseri kwa nyumba ya munthu wina, chitenje chitagwa, akulankhula ndi amuna awo amene anatisiya kale. M'nyumba imeneyo munali mwana wodwala. Mukudziwa kale zimene mudzi unanena: agwa pa lichero. Atawafunsa ngati ndiwo akulodza mwanayo, iwo anangovomera, pakuti panthawiyo ankavomera chilichonse chimene munthu wawafunsa.

Uthenga unandipeza kusukulu kumene ndinkaphunzitsa. Abale ndi alongo, ndikuulula pamaso panu kuti sindinapite msanga. Ndinati mayeso ayandikira. Zoona zake n'zakuti ndinachita manyazi, ndipo pansi pa mtima ndinadzifunsa kuti kapena anthuwo akunena zoona. Pamene ndinkafika, adzukulu anali ataletsedwa kulowa m'nyumba mwawo, ndipo nsima ankawaikira pakhomo ngati mmene timaikira ya galu. Sanandizindikire. Koma nditayamba kuimba nyimbo ina ya m'buku lathu, anaimba nane mavesi onse osaphonya liwu. Ndinawatenga kukakhala nawo kwanga, ndipo sanathe chaka. Anapita dzina lawo lisanayeretsedwe, chifukwa ngakhale ine ndinalibe mawu oti ndiwayankhire anthu aja.

Lero mawuwo ndili nawo, ndipo n'chifukwa chake ndikulankhula. Amayi anga sanali mfiti. Ankadwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalawa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, osati ku Ulaya kokha. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906. Ndi matenda a ubongo, monga mmene shuga alili matenda a m'thupi. Monga kaduwa kaja anakanamizira imfa chifukwa kanapezeka kumanda, ifenso timanamizira agogo athu ufiti chifukwa tawapeza panja usiku.

Tibwerere ku Kachisi. Luka akutiuza kuti tsiku lija kunali anthu awiri amene anamuzindikira mwanayo. Sanali ansembe aakulu kapena alembi ophunzira. Mariya ndi Yosefe anabwera ndi nsembe ya anthu osauka, mbalame ziwiri, ndipo palibe chimene chikanachititsa munthu kuwacheukira. Amene anaona anali Simeoni, munthu amene anadikira lonjezo la Mulungu mpaka imfa itayandikira, ndi Ana, mayi wamasiye wokalamba kwambiri, amene Luka akumutchulira zaka 84, wosachoka m'Kachisi usana ndi usiku. Taganizani, mayi wamasiye wokalamba, wopezeka pamalo amodzi ngakhale usiku, wolankhula zinthu zimene ena sakuziona. Akanakhala m'midzi yathu ina, kodi tikanamutcha mneneri kapena tikanamutcha dzina lina? Koma Mulungu anasankha maso a okalamba awiriwa kuti aone chipulumutso poyamba, ndipo nyimbo ya Simeoni timaiimbabe m'mapemphero athu a madzulo kufikira lero.

Wina anganene kuti Simeoni ndi Ana nzeru zawo zinali bwino, nanga amene waiwala ngakhale dzina la Yesu? Apa ndi pamene kaanyezi kaja kamandithandiza. Masamba akafota, pamwamba sipaoneka kanthu, koma mwini munda amadziwa pamene anabzala ndipo salola munthu kukumbapo. Chikhulupiriro chathu sichinaime pa kukumbukira kwathu, chinaima pa kukumbukira kwa Mulungu. Pa Yesaya 46:4 Mulungu akulonjeza kunyamula anthu ake mpaka imvi, ndipo pa Masalimo 71:9 munthu wokalamba akupempha kuti asatayidwe mphamvu zake zikatha. Amene anabatizidwa ndi wa Khristu ngakhale ataiwala tsiku la ubatizo wake. Nyimbo ija amayi anga anaimba inali ngati kaduwa kamodzi kotulukira pa chipale, kundiuza kuti mwini wake akadalimo.

Tsono tichite chiyani? Ngati muli ndi kholo limene layamba kuiwala modabwitsa, pitani nalo kuchipatala, osati kwa woombeza. Kusokonezeka kwina kumabwera ndi matenda ochizika, monga malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo munthu amabwerera mwakale akalandira thandizo. Ngati ndi matenda oiwala enieni, mankhwala ngati aja sapezeka paliponse, koma chisamaliro chili m'manja mwathu. Musakangane nawo akalakwitsa. Akafunsa za malemu amuna awo, afunseni kuti anali munthu wotani, m'malo mowalirirtsa maliro kachiwiri. Zinthu zawo zizikhala pamalo amodzi, chakudya chizibwera nthawi yake. Usiku wina azigona pafupi ndipo chitseko chitsekedwe bwino. Asokereni kapepala ka nambala ya foni m'chovala. Auzeni anansi ndi amfumu zisanafike poipa, kuti akawapeza panjira awabweze kunyumba mwaulemu. Imbani nawo nyimbo zakale. Ndipo kumbukirani amene akusamalira wodwalayo, kawirikawiri mwana wamkazi kapena mpongozi, amene amatopa osadandaula kwa munthu. Inu a Mothers' Union, inu achinyamata, mupatseni tsiku limodzi lopuma.

Ndipo mukamva gogo akutchedwa mfiti, musachedwe monga ndinachedwera ine. Lamulo la dziko lathu la Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo la Mulungu pa Levitiko 19:32 limatiuza kulemekeza aimvi. Pitani mukaime pakhomo pake. Mutu umodzi susenza denga, choncho tengani abusa, tengani wa zaumoyo wa m'dera lanu, mukalankhule ndi mudzi.

Olima maluwa ku England amati nthawi yabwino yogawa ndi kuwokera ma snowdrop ndi pamene angomaliza kumasula, masamba akadali obiriwira. Ukadikira kuti afote, sudziwanso pokumba. Ngati agogo anu akadalankhula, khalani nawo pansi sabata ino. Afunseni mayina a makolo, mbiri ya mudzi, nyimbo zimene ankaimba. Lembani m'kope. Tsiku lina mudzawakumbutsa ndinu.

Tiyeni tipemphere.

Mulungu Atate, amene munaonetsa Mwana wanu kwa Simeoni ndi Ana mu ukalamba wawo, tikuika m'manja mwanu makolo athu onse amene nzeru zawo zikuzilala. Muwakumbukire pamene iwo aiwala. Mutikhululukire pamene tinawaopa, kuwanyoza kapena kukhala chete ena akuwanamizira. Mupatse mphamvu onse owasamalira, ndi nzeru kwa madokotala ndi ofufuza mankhwala. Muyatse kuunika kwanu m'midzi yathu kuti mantha achoke. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.