Bowa wa m'Phiri ndi Tinthata ta m'Nthaka: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Ndiyambe ndi kachilombo kamene tonse tidasewera nako tili ana, kofiira kofewa kaja kotuluka mvula yoyamba ikangogwa. Mukawerenga miyendo yake mupeza isanu ndi itatu, chifukwa ndi mbale wa nkhupakupa ndi wa akangaude ofiira amene amaononga tomato kwathu kuno ku Ntcheu. Koma abale ake ambiri sitiwaona. Amakhala pansi pa masamba owola m'nkhalango, ndipo ambiri safika ngakhale milimita imodzi. Pa malo a mita imodzi mlitali ndi mlifupi pamatha kukhala tinthata totere zikwi makumi angapo.

Ntchito yake nchiyani? Timadya masamba akufa ndi ulusi woyera wa bowa, ndipo ndowe zake zimasanduka chonde. Poyenda timanyamulanso mbewu ya bowa pathupi ndi m'mimba.

Ku France, Italy ndi Spain kuli bowa wina wotchedwa truffle, wokula pansi pa nthaka pafupi ndi mizu ya mitengo, amene amafufuza ndi agalu nkumugulitsa pamtengo wokwera zedi. Kaamba ka mtengowo, akatswiri kumeneko amawerenga ngakhale tinthata ta m'minda ya bowayu. Ife tiseke ngati tifuna, koma bowa wathu amakhala moyo wofanana. Ndelema ndi manyame, amene amayi amagulitsa m'mbale m'mbali mwa msewu wa M1 mu Januwale, sangalimidwe m'munda ngati mpiru. Ulusi wake umakuta timizu ta mombo, mtondo ndi msuku. Bowa apatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengo nuupatsa bowa shuga. Utale ndi wosiyana, poti amalima ndi chiswe m'chulu. Amene afuna mayina ena aone buku la Brian Morris la mu 1987, Common Mushrooms of Malawi.

Tsono mtengo ukapita ku makala, bowa watha. Moto wosakira mbewa ukadutsa mu Okutobala, masamba apansi apsa pamodzi ndi tinthata tambiri, nthaka nkutsala gwa. Mukudziwa mmene mapiri athu adayerera kuyambira 1986, pamene abale athu othawa nkhondo ku Mozambique adadzaza boma lino ndipo nkhuni zidafunika zochuluka. Koma iwo adabwerera kwawo pofika 1994, nkhwangwa siidaleke. Tisanamizire alendo. Nkhalango ya Mvai, imene imasunga madzi a damu la Mpira, tikuidya ndife eni.

Ndafika pa chimene ndaimirira. Komiti yathu ikufuna kugula mbande za bulugama zodzala paphiri la kuseri kwa sukulu. Ine ndikuti ayi. Bulugama amakula msanga, inde, koma sindinaonepo munthu akuzula ndelema pansi pake. Ndidakwera phirilo mwezi wathawu, ndipo zitsa za mombo ndi msuku zilipo, zikuphuka. Mizu yake ndi yamoyo. Chofunika ndi kulambula njira yotchinga moto chaka chilichonse mu Meyi, kuletsa mbuzi, ndi kusiya masamba awolere pomwe agwera. Ndalama za mbandezo tilipire mlonda, zotsala tigulire sukulu magalasi okuzira zinthu.

Magalasiwo ali ndi ntchito. Mu 1905 Antonio Berlese wa ku Italy adapanga chida chotulutsira tinthata m'dothi, ndipo masiku ano chimangofuna fanelo, sefa, babu ndi botolo la spiriti. Muika dothi pa sefa, babu liumitsa kuchokera pamwamba, tizilombo tithawira pansi nkugwera m'botolo. Ana a Fomu 3 atenge dothi la pamalo opsa ndi la pamalo osapsa, awerenge okha, adzatiuze pa msonkhano wa chaka chamawa.

Bambo Wapampando, ndikupempha kuti nkhani ya mbandeyi tiivotere lero tisanadye nsima.